Chifundo changa chinadwalitsa nsato ya mwana wanga

Ndinene msanga kuti njokayo sinafe. Zina zonse zimene zikubwerazi sizindikomera, ndiye ndaona kuti ndiyambe ndi chokhacho chabwino.

Mkazi wanga atamwalira, mwana wathu Tadala anasiya kulankhula. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Nyumba yathu ku South Bend, kuno ku America, ndinaidzaza ndi anthu: amvano, achibale, ophunzira ongofika kumene kuchokera kumudzi ogona pa sofa. Kwa ine mankhwala a chisoni anali anthu basi. Tsiku lina mwanayo anandipempha njoka. Ine, mkulu wa mpingo, mwana wa ku Dedza, kuweta nsato m'nyumba? Koma kanali koyamba kundipempha kanthu chichokereni mayi ake, ndiye ndinavomera. Inabwera imodzi, anaitcha Bisiketi. Kenako yaikulupo, Profesa. Ndi nsato zazing'ono zija zoti zikachita mantha zimadzikulunga ngati mpira. Iliyonse inali ndi bokosi lake lagalasi m'chipinda chapansi, lotenthetsedwa mbali imodzi. (Akumpingo tinkawauza kuti pansipo tinatsekeramo katundu wa malemu. Mulungu andikhululukire.)

Tadala atapita ku koleji ku Indianapolis tinakangana. Ine ndinkafuna akakhale ndi azakhali ake ku Speedway, kufupi ndi komweko, iye anachita lendi kachipinda kayekha. Kumeneko ziweto saloleza, choncho njoka zinatsala ndi ine. Anamata pepala la malamulo pa firiji, ndipo lomaliza analilemba ndi zilembo zazikulu: osaziika pamodzi.

Malamulo enawo ndinkawatsata. Ndinkasungunula mbewa zoumitsidwa mufiriji ndi kuzipereka ndi chopanira. (Munthu amene ndinakula ndikukumba mbewa ndi khasu, lero ndikuperekera njoka ngati weita. Mtima unkawawa, koma ndinkapirira.)

Alendo aja anali atabalalika, aliyense kupeza kwake. Ndikaweruka kuchipatala kumene ndimagwira ntchito, ndinkatsikira pansi ndi tiyi wanga n'kukhala pampando. Profesa uko yekha, Bisiketi uku yekha, ine pakati. Zinandikhudza. Dziwani kuti ine ndakhala nkhoswe wa mabanja ambiri kuno, ndipo malangizo anga sasintha: bwererani m'nyumba imodzi, zinazo mukakambirana muli momwemo. Ndinadziuza kuti lamulo lija ndi zachizungu chabe, zoti aliyense chipinda chake, mbale yake, chisoni chake.

Loweruka lina, chipale chili mbuu panja, ndinavala magolovesi otulutsira mbale mu uvuni, ndinapemphera mwachidule, n'kunyamula Bisiketi kukamuika kwa Profesa. M'mawa mwake ndinazipeza zitapiringizana, Profesa pamwamba. Abale, misozi inalengeza. Ndinajambula chithunzi, koma sindinachitumize kwa Tadala, ndiye kuti mumtima ndinkadziwa ndithu. Bokosi lotsalalo ndinalitsuka n'kusungiramo mabuku a nyimbo.

Sabata yoyamba Bisiketi anakana mbewa. Ndinati wakhuta chimwemwe. Sabata yachiwiri anakananso, ndipo ndinkamupeza atapanikizika kungodya yozizira. Ndinati akupatsana ulemu. Tadala akafona kufunsa, ine ndinkayankha kuti, "Zili bwino, mwanawe, zikupereka moni."

Sabata yachinayi ndinamva kaphokoso ngati kamluzu. Bisiketi anali atadzutsa mutu, kukamwa yasa, thovu m'mbali. Phokoso la chifuwa chodzaza ndimalidziwa, ndalimva kwa odwala ambiri, ndipo ndinalimva kwa mkazi wanga. Njoka imeneyi ndi imene inabwezera mwana wanga mawu, ndipo ine ndinali kuipha ndi manja anga.

Ndinafona. Tadala amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndiye mawu ake ndikuwanena m'chathu.

"Bisiketi sakupuma bwino," ndinatero.

"Kutentha mwachekha?"

"Kwa Profesa kukutentha bwinobwino."

"Ndafunsa za Bisiketi, Dadi." Kenako anafunsa, "Mwaziika pamodzi?"

"Zinkaoneka zosungulumwa."

Sanakalipe. Anangondiuza kuti ndimuike m'chikwama cha pilo, ndiike botolo la madzi ofunda pambali, ndibwere naye kwa dokotala wa ziweto amene iye amamudziwa kufupi ndi Lafayette Road. Ndinadiraiva maola oposa awiri hita ili pamapeto, thukuta kamukamu mu jekete, nsato ili pampando wakutsogolo nditaimangira lamba. Pamalo omwetsera mafuta ndinakumana ndi mayi wina wa kumpingo kwathu. Anasuzumira n'kufunsa kuti m'chikwamamo muli chiyani. Ndinati soseji wa mwana.

Dokotalayo, mayi wodekha, ndinamuonetsa chithunzi chija kuti mwina chindichepetsere mlandu.

"Taonani mmene zinkakondanirana," ndinatero.

Anapukusa mutu. Anati nsato zamtunduwu zimakhala zokhazokha, sizifuna mnzake. Kukwerana kuja sikukumbatirana ayi, ndi kulimbirana malo ofunda. Yamphamvu imatenga, yofooka imatsala kozizira, imasiya kudya, kenako imadwala, ndipo siilira kuti munthu amve. Anambaya Bisiketi jekeseni, n'kutipatsa ena oti ndizikabaya kunyumba. Anati Profesa naye ndimuyang'anire, matendawa amapatsirana.

Tili m'galimoto panja, Tadala anafukata chikwama chija pachifuwa. Ine, m'malo mokhala chete, ndinayambanso kudziteteza.

"Kwathu sitisiya munthu yekha, mwanawe."

Anandiyang'ana, n'kuyankha m'Chichewa, chinthu chimene sanachite kwa zaka, mawu akutuluka mopunduka.

"Ndikudziwa, Dadi. Amami atamwalira munandiika m'chipinda chimodzi ndi anthu atatu. Ndinalibe polirira. Ndinkapita pansi kwa Bisiketi chifukwa ndi kokhako kumene anthu ankaopa kubwera."

Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri ngakhale galimoto inali itaima. Zaka zonsezo ndinkayesa mwanayo amakonda njoka. Ndinachita manyazi, ndipo ndinamva chisoni choposa manyaziwo. Nkhani ya azakhali a ku Speedway, imene ndinaikonzekera njira yonse, ndinaimeza.

"Pepa," ndinatero. Kwathu bambo sapepesa mwana kawirikawiri, ndiye liwulo linatuluka ngati chifuwa.

"Musaphonye jekeseni," anatero iye, n'kundipatsa chikwamacho.

Sindinaphonye ngakhale mmodzi. Mabuku a nyimbo ndinawatulutsa, Bisiketi anabwerera kwake, ndipo patapita milungu ingapo anameza mbewa ine ndikuomba m'manja ndekha. Tadala amabwera akafuna, ndipo akatseka chitseko cha chipinda chake sindigogoda.

Koma ndisakunamizeni kuti ndinasinthiratu. Mabokosi awiri aja ndinawasunthira pamodzi, galasi kugunda galasi, kuti mwina zizionana. Tadala atabwera anaona, anapumira m'mwamba, n'kulowetsa katoni pakati pake. Kenako anakoka mpando wachiwiri, nauika pafupi ndi wanga, osati moyandikana kwambiri, n'kukhala pansi.