Kachitini ka Polishi ndi Apongozi Anga

Mpaka lero ndikaona chitsekero cha botolo pansi ndimayang'ana kumbali. Sekani ndithu mukamva chifukwa chake, ine manyazi ndinachita kale okwanira mudzi wonse.

Ndinali nditangokwatira kumene ku Mongue, chikamwini, ndipo apongozi anga aakazi sankandiwerengera. Kwa iwo mkamwini weniweni amadziwika ndi khasu, pomwe ine m'mawa uliwonse ndinali pakhonde kuwotcherera mawaya a mawailesi akufa. Mwamwambo sitinkayang'anizana n'komwe (ndikawaona akubwera ndinkalowa m'chinangwa), koma mawu awo ankandipeza kudzera mwa mkazi wanga Rosa: "Amayi akufunsa ngati mawayawo amadyedwa."

Zinkandiwawa, ndiye ndinati ndiwaonetsa. Kutchalitchi ndinkaimba kiyibodi, ndipo kwathu amayi amakhala mbali yawo, abambo mbali yawo, mbali iliyonse ndi sipika yake. Nzeru inandifikira: kachipangizo kosuntha mawu. Amayi akamatsogolera nyimbo ndipotokole, kiyibodi ilire kwawo. Abambo akamayankha ndipotokolenso, ilire kwa abambo. Ndinadziombera m'manja ndekha mpaka nkhuku zinabalalika.

Kopotokolera ndinakachotsa m'wailesi yakale, mawaya ndinakagula ku Muloza. Koma matenda anga ndi amodzi: chilichonse ndimafuna chikhale chaching'ono. Zonse ndinazipanikiza m'kachitini ka polishi wa nsapato. Kachitsulo kopotokolera kanatulukira kunja motalika, ndiye ndinakadula mpaka kutsala ngati njerewere, pamwamba n'kumatapo chitsekero cha botolo ndi guluu. Kukongola kwake! Koma a Fernando, mestre wa kwaya yathu, anakayang'ana mokayika.

"Epa, mwakayesa kameneka?"

"Kawiri konse, mestre."

(Ndinakayesa kunyumba, ndi sipika imodzi. Musandifunse.)

Lamulungu tchalitchi chinadzaza. Apongozi anakhala pabenchi loyamba, pansi penipeni pa sipika ya amayi. Nyimbo yolowera inayamba, amayi anatsogolera, ine ndinapotokola monyadira. Kiyibodi inalira kwa abambo. Abambo atayankha, inathawira kwa amayi. Mawaya ndinali nditawasemphanitsa! Palibe kanthu, ndinatero mumtima, ndizingopotokola chobwerera. Koma manja anali thukuta lokhalokha, ndipo ndinagwira mwamphamvu ngati ndikuzula chinangwa. Chitsekero chinamatuka, n'kugwa, n'kuyamba ulendo wake.

Mawu onse anakakamira kwa amayi, pamodzi ndi ng'oma zija zimadziimba zokha m'kiyibodi, zonse pamutu pa apongozi. Kanjerewere kaja ndinakayesa ndi zikhadabo, kanakana. Ndinakayesa ndi mano (inde, pa Misa, Padre akuona). Munthu wanzeru akanangozimitsa kiyibodi. Ine ndinalondola chitsekero chokwawa.

Chinagubuduka kudutsa pakati pa tchalitchi, n'kukhota ngati chatumidwa, n'kukagona pa phazi la munthu. Ndinatambasula dzanja, maso ali pansi. Kenako kapulana, nsalu imene munthuyo anavala, ndinaizindikira. Ndinaigula ndine, pa ukwati.

Abale inu, ndinakweza mutu. Koyamba chikwatirire, ine ndi apongozi tinayang'anizana maso ndi maso, ine nditagwada, ng'oma zikugunda. Amayi a benchi lonse anabisa nkhope m'mipango, mapewa akugwedezeka. Apongozi anaponda chitsekerocho n'kukweza mawu kuti apose sipika. Tsoka ilo, nthawi yomweyo a Fernando anazula waya wa batire, tchalitchi n'kukhala zii, ndiye mawuwo anamveka mpaka kubenchi lomaliza:

"Bambo, dzukani! Kugwadaku n'kwa Mulungu, si kwa ine!"

Ngakhale Padre anatsokomola kwa nthawi yaitali. Misa yonseyo kwaya inaimba ndi pakamwa pokha, ine nditabisala kuseri kwa kiyibodi yozima.

M'mawa mwake ndinapeza khasu latsopano pakhonde, pambali pake pali chitsekero chija. Rosa anaima pakhomo akudziletsa kuseka.

"Amayi akuti ili mpini wake suguluka."

Ndinalima tsiku limenelo, ndipo ndikulimabe. Apongozi tsopano amandipatsa moni, ngakhale amatero akuyang'ana kumapazi kwawo kuti mwina kwagwanso kanthu. Koma sabata yatha ndinatola kabokosi ka machesi, ndipo ndayesa kale: mawaya onse akwanamo. Musawauze a Fernando.