Thabwa la Ganizani

Lolemba
Tabwerako kuchipatala cha mishoni. Mayi wophunzitsa ana kugwiritsa ntchito manja ndi miyendo akuti mwana wanga Ganizani sanalodzedwe. Kusalankhulaku, kusayang'ana munthu kumasoku, ndi mmene anabadwira. Tsiku lililonse aziyenda pathabwa, azitola nyemba imodzimodzi kuponya m'kapu. Amalume ake akuti Lamulungu akapanda kuona kusintha, amuolotsa Shire akatemedwe mphini. Mwana wokuwa ndi chipeso chomwe, lumo angalipirire? Ndiyesetsa!

Lachiwiri
Thabwa ndabwereka kwa a Nyamizinga, lokhalira m'bwato, likununkha mlamba. Ganizani akulinunkhiza n'kugona pansi pake. Ndakwerapo ine kuti aonere. Ndagwa. Ana a m'mudzi muno ayendapo onse, ndipo akutha bwino.

Lachitatu
Nyemba. M'kapu sakuponya, akuzindandalika pakhonde, mzere woongoka kuposa wa thonje la bambo ake. Zala zikugwira ndithu! Ndikuvina chamumtima. Kenaka nkhuku zatola zonse. Walira mpaka mawu kusasa.

Lachinayi
Ku Bangula kukagula nyemba zina. Pachipata cha msika anyamata achipani: "Khadi, mayi! La mwanayo lili kuti?" Langa ndaiwala m'Baibulo. Ndabwerera chimanjamanja, dzuwa likuswa mtengo.

Lachisanu
Amayi tonse kubwalo, kukonzekera gule wa alendo akuluakulu. Kujomba sikungatheke. Ng'oma zangoyamba, Ganizani watseka makutu, wathawira m'nkhokwe. Miyendo yaphunzira lero ndi yanga.

Loweruka
A Nyamizinga atenga thabwa lawo. Zotsala: kapu, njerwa ziwiri zokhazikapo thabwa, ine. Bambo ake akuti, "Mwinatu alamu akunena zoona." Ndawapatsa mkute wopanda ndiwo.

Lamulungu
Amalume afika titangoweruka kutchalitchi, nkhafi ili paphewa. "Tione zachizungu zija." Palibe choonetsa. Ganizani akungodzigwedeza pamphasa. Amalume atambasula dzanja kuti amunyamule, mwana wadzuka, wazungulira kumbuyo kwanga, wagwira chitenje changa ndi manja onse awiri. Chibadwire sanathawirepo kwa munthu, amathawira kuzinthu. Mwini mbumba sayankhidwa. Ndayankha: "Achimwene, lumolo muyambire ine."
"Pyadidi," atero, ndiye kuti chabwino m'Chisena, chimene amalankhula akakwiya. Apita osalawa ndi madzi omwe, akuti pakhomo pano sadzapondanso.
Sabata yathera pachabe, mlongo wanga ndamutaya. Ganizani sanasiyebe chitenje, ndipo ndikulemba ndi dzanja limodzi kuti ndisamusunthe.