Munda Umene Ndinalima ndi Singano

Amene akuti ndine wabodza aike fodyayo pansi, abwere adzanenere pamaso panga pano, osati kumang'ung'udza kuseri kwa mzati. Iwe Sitefano, mwana wa alamu anga, ndakuona ukutsinzinira anzako. Soka fodya wakoyo, makutu okha undibwereke. Ine Yotamu Nyirongo, mkhristu wodya mgonero, mano anatha kalekale m'kamwamu, ndinamize ndani, ndipindulenji? Ndikuti ndinalima munda ndi singano, konkuno kwa Chulu, ndipo mpaka lero palibe munthu anauzungulira mundawo n'kukafika pamene anayambira. Mukumva?

Kwathu n'ku Kaluluma, kuno ndinabwera chikamwini, kutsata Naphiri. Ntchito yanga inali yolemba zikwangwani m'magolosale, koma matenda anga enieni anali mizere. Anandigwira m'chigafa cha fodya ngati chino, tsiku limene ndinakweza tsamba la fodya kudzuwa kuti ndione ngati lauma, ndiye ndinaona mtsempha waukulu wapakati uja utabala timitsempha uku ndi uku, kamtsempha kalikonse n'kubalanso ana ofanana ndi mayi wawo, anawo n'kubalanso awo, awonso awo, mpaka maso anga anachucha misozi ndisanaone pamene mtunduwo wathera. Kuyambira tsikulo sindinachire. Wagolosale akandituma kuti ndilembe sopo, mchere ndi parafini pakhoma, ine ndinkayamba kaye kukongoletsa m'mbali, ngodya m'kati mwa ngodya, kabokosi m'mimba mwa kabokosi, sabata n'kutha, khoma lonse mbuu kudzaza, sopo ndi mchere n'kusowa pokhala. Anandithamangitsa m'magolosale onse a kuno, wina mpaka anandigenda ndi chitini changa chomwe cha penti.

Ndiye kunabwera chaka chija cha makuponi chimene thumba limodzi la feteleza tinagawana mabanja anayi, kuyeza ndi ndowa pabwalo, aliyense maso tong'o kuopa kuti mnzake angamupunje. Ife inatigwera ndowa imodzi, yosasefukira n'komwe. Tsiku lomwelo a Lifeyo, bambo ako iwe Sitefano, mchimwene wa mkazi wanga, eni mbumba, anandiitanira patsinde pa mango. Sanazungulire ayi. Anati, "Alamu, zaka zonsezi mlongo wangayu akudya zojambula. Feteleza ndi uyu, munda ndi uwo. Nkhokwe ikapanda kudzaza chaka chino, mutole nkhwangwa yanu ndi maburashi anuwo, njira ya ku Kaluluma mukuidziwa." Naphiri anali pomwepo, anangoweramitsa mutu n'kumakanda pansi ndi kamtengo. Ndinaopa, abale anga, apa pokha ndisadzitame. Mkazi ameneyu ndinkamukonda zoti nsomba ndi madzi zichepa, ndipo kundichotsa pamudzi pano kunali kundiika m'manda ndikupuma.

Koma munthu wa mutu salira nthawi yaitali. Ndinakhala pansi, ndowa ili apo, munda uli uko, ndi kudzifunsa kuti kodi Mulungu amadyetsa bwanji tsamba lonse la fodya kudzera pakaphesi kamodzi, popanda ngodya ngakhale imodzi yogona ndi njala? Yankho linali m'mitsempha ija. Ndinati basi, munda uwu ndiulima ngati tsamba, zivute zitani, aseke aseke, kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Ndinayamba ndi mzere umodzi waukulu pakati, kuchokera pamtengo wa msuku kumtunda kwa munda kukagwa kudambo, wotalika moti mbuzi ikakwerapo inkaoneka ku boma, kenaka ndinaubalitsa mizere ina uku ndi uku ndi khasu lomwelo, mzere uliwonse n'kuubalitsanso timizere take, khasu litakula kuposa timizereto ndinatenga kambwiri, kambwiri katakula ndinaba supuni ya Naphiri, supuni itakula ndinazula msomali pachitseko, msomali utakula ndinatenga singano ya sipoko ya njinga ngati imene mukusokera fodyayo, imeneyonso itakula ndinatenga singano ya zovala, ndili chogwada kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tsiku ndi tsiku, maondo anga n'kuuma kusanduka ziboda moti ndinkathyola nawo zitsa osamva kanthu. Mukumva? Anthu odutsa panjira ankaima n'kugwira pakamwa, amayi n'kumati kalanga Naphiri, wakwatiwa ndi wamisala. Ine ndinkangoti nenani, wamisala anaona nkhondo. Singano ija itayamba kundikulira, ndinalemba nyerere ganyu, malipiro ake madeya, kapitawo wake linthumbu lina lakuda lodziwa ntchito, ndipo zinkafika m'mawa pamzere, kulandira malangizo, kubalalika, moti mzere umene ine ndinkausiya ngati ulusi izo zinkaubalitsa ana khumi, ndipo pamene nyerere zinalephera zinakaitana nthata za m'khola la nkhuku kuti zipitirize.

Mbiri itamveka, kunabwera mlangizi panjinga yamoto, mnyamata wometa bwino, nsapato zonyezimira, chingwe chake choyezera chili m'manja. Anati boma likufuna mizere yowongoka, yotalikirana mofanana, njere imodzi paphando, nanga ichi n'chiyani? Ndinati bwana, musanandidzudzule yambani mwauyeza, muuzungulire m'mbali mwakemo, mukafika pamene mwayambira ndifafaniza ndekha. Anaseka, anakhoma chikhomo, anayamba kutsata malire ndi chingwe. Tsono malire a munda wanga sanali ngati a minda yanuyi, chifukwa pokhota paliponse panali pokhota pena, m'kati mwa pamenepo penanso, ndiye chingwe chake chinatha asanayende mikono itatu, tinalumikiza luzi, luzi linatha, tinamasula mbuzi zonse za mudzi uno n'kulumikiza zingwe zake, tinatsitsa chingwe cha belu la kutchalitchi, tinasombola majuzi a ana a sukulu, iye ali mbuu kukwawa, Lolemba, Lachiwiri, mwezi, miyezi, ndevu n'kumera mpaka pachifuwa, nsapato zija n'kutha n'kutsala zingwe zokha, kuntchito kwawo n'kumukweza paudindo kawiri iye osadziwa, koma nthawi yonseyo munthuyo ali pomwe anayambira, moti Naphiri ankangotambasula mkono n'kumupatsa chikho cha thobwa. Ukuseka chiyani Sitefano? Mbuzi zimene zinadya chinangwa cha bambo ako chaka chimenecho ukuyesa anazimasula ndani? Potsiriza mlangizi uja anadzuka, anandigwira chanza ndi manja awiri, anakwera njinga yake imene inali itamera chitedze, osanenanso za mizere yowongoka.

Tsono feteleza uja. Anzathu ankathira ndi kachitsekero ka botolo phando ndi phando, misana kuwawa. Ine ndinangonyamula ndowa, ndinakaikhuthula yonse patsinde pa mzere waukulu pamsuku paja, n'kukhala pansi. Mvula itagwa, ndinaona ndi maso angawa feteleza akuyenda yekha, akafika pamphambano agawikana pakati, uyu uku uyu uko, pamphambano ina agawikananso, mwachilungamo choposa chija cha pabwalo, mpaka kambewu kotsiriza kumalire kanalandira gawo lake, osadandaula. Kenaka kunagwa ng'amba ya mwezi wathunthu, chimanga cha anthu chinapota masamba ngati anyezi, amayi anayamba kupemphera m'minda, koma kwanga kunali kokwanira dontho limodzi la mame, limodzi lokha, likagwa pamzere waukulu linkagawikana momwemo mpaka munda wonse chinyezi tapatapa, ndipo tsiku lopanda mame ndinkangopukuta thukuta pamphumi n'kukunthira pamenepo. M'timigula ting'onoting'ono tija munaswana milamba yochepa ngati nsabwe, nyerere zanga zija n'kumawedza popuma masana.

Nanga chimanga chake! Phesi limodzi linkachita nthambi, nthambi n'kuchita nthambi zake, nthambi iliyonse chinsononkho, ndipo ukasenda umapeza kuti njere iliyonse ndi kachimanga kakang'ono kovala makoko ake ndi ndevu zake, ukasenda kameneko njere zake n'timachimanga tinanso, moti amayi asanu ndi mmodzi anakhala sabata yathunthu akutonola chimanga chimodzi, ngolo inadzaza kawiri, ng'ombe zinakana kukoka, chimangacho chisanafike ndi pakati pomwe. Mphenzi indiwombe pompano ngati ndikuwonjezera!

Koma chimene chinandiimitsa mtima si chimangacho. Pangodya ya kudambo panamera fodya mmodzi yekha, wongodzimerera. Ndinathyola tsamba lake, ndinalikweza kudzuwa monga mwa chizolowezi changa, ndipo ndinaona munda wanga wonse uli mmenemo, msuku uli apo, dambo lili apo, pangodya pataima kamunthu kadazi ngati ine, kovala malaya ong'ambika paphewa ngati anga, nako katakweza katsamba kudzuwa, m'katsambamo mulinso kamunda ndi kamunthu kena, ndipo kumbuyo kwa kamunthu kalikonse kuli ka a Lifeyo kakang'ono katagwira m'chiuno, kakuloza njira ya ku Kaluluma. Ndinavula chipewa, ndinapereka moni wakwathu, ndinati muli uli? Kanayankha kuti tili makora, kam'kati nako tili makora, kam'kati mwakenso tili makora, mawu akunka nachepa, ndipo mpaka lero khutu lakumanzereli limalira chifukwa sanamalize kuyankha. Ndinawauza onsewo kuti limbani mtima amuna anzanga, palibe akuchoka pamudzi pano.

Ndipo palibe anachoka. Tsiku loona nkhokwe a Lifeyo anabwera ndi ndodo yawo, anagogoda m'munsi, phi, anagogoda pakati, phi, anakwera pamakwerero n'kusuzumira, chimanga chili tho mpaka kudenga. Anatsika, anandiyang'ana, n'kungoti, "Alamu, mwalima." Mukumva? Pakamwa pomwe paja!

Kutsokomola kumene mukumva kumbuyo kwangaku musakulabadire, ndi Naphiri, wabwera ndi thobwa lanu. Mwafika nthawi yanji, mayi? Ikani pamthunzipo.

"Bambo a Esinati, nenaninso za ndowa ija."

Ha! Munthu sungacheze ndi anzako mwamtendere. Chabwino, poti mwini munda wafika, pali timawu tingapo tofunika kuwongola. Pamene ndinkafika pa singano ya zovala paja, anzathu anali akudya kale zitheba ndi maungu, ine ndisanaponye pansi njere ngakhale imodzi. Kubzala ndinaiwala, abale. Sikuti ndinachita ulesi ayi, ntchito inandichulukira, mzere uliwonse unkapempha ana ake, ndikanawamana bwanji? Ndipo chimene ndinakhuthula pamsuku paja sanali feteleza. Unali mchenga woyera wa kumtsinje, feteleza anangowazidwa pamwamba ngati mchere pa ndiwo. Weniweniyo mayi awa anali atamukhuthulira m'chitenje kalekale, n'kumapita naye kutsala la malemu amayi awo kutsidya kwa dambo, anthu n'kumayesa akupita kunkhuni. Analima okha, anabzala okha, anapalira okha, anabandira okha, mizere yowongoka yosakoma m'maso ija, ndipo pokolola anatuta ndi dengu pamutu, ulendo ndi ulendo, kudutsira m'munda mwanga kuti oona aziti chikuchokera mmenemo.

Ine ndinadziwa tsiku limene ndinadzutsa mutu, khosi litauma, n'kuona kuti m'munda mwanga mwamera bonongwe ndi chisoso basi, pamene nkhokwe kunyumba ili yodzaza. Manyazi anandigwira, ndinalira ngati mwana, sindibisa. Ndinati mayi, mwadzivutitsiranji chonchi chifukwa cha chitsiru ngati ine? Anandiyang'ana, manja awo ali ming'alu yokhayokha, n'kuti, "Ine ndinakwera mumsuku muja tsiku lina, ndinauona munda wanuwo kuchokera pamwamba. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero. Munthu wopanga zimenezo achimwene sangandichotsere. Pitani mukamalize."

Ndiye imwani thobwalo, mundisiye. Za mlangizi uja ndi zoona, kafunseni mbuzi. Za tianthu ta m'tsamba tija ndi zoonanso, khutu ili ndi mboni. Iwe Sitefano, bambo ako mpaka lero amadziwa kuti nkhokwe ija ndinadzaza ndine, ndipo ukakangotsegula pakamwa pakopo, udziwe kuti ukulimbana ndi azakhali ako, osati ine. Tandibwezera singano yangayo. Ngodya ya kudambo ija sinathe, ndipo amene anandituma kuti ndikamalize ndi awa aima apawa.