Mlonda Wodzitsekera Kunja

Inu, tamverani, musayambe kuseka. Ine Darren ndalondera pa doko la Townsville zaka khumi ndi zisanu, singano sinasowepo. Ndiye sukulu italamula kuti mapasa anga, Tahlia ndi Kade, a zaka zisanu ndi chimodzi, aziwerenga pa kompyuta kunyumba, ndinati eya, ntchito yapeza mwini.

"Muwapatse pasiwedi yosavuta," anatero mkazi wanga Narelle.

"Mayi, inu zanu ndi mano a odwala kuchipatala. Zachitetezo tisiyireni akatswiri."

Ndinawapangira yaitali ngati sitima ya malasha, zilembo zazikulu, zazing'ono, manambala omwe. Kade ankasaka chilembo chimodzichimodzi ndi kachala kamodzi, lilime panja. Asanafike pakati, nthawi yowerenga yatha, mwana misozi chuchuchu, ine thukuta kamukamu.

Ndinagonja pang'ono, ndinati aliyense asankhe yake. Kade anasankha dzina la galu wathu, mawa lake n'kukalengeza kwa aneba pampanda! Basi, msonkhano wadzidzidzi.

"Pasiwedi sauza munthu. Kaya mnzako, kaya aphunzitsi, ngakhale ine bambo wako!"

Ndinawalumbiritsa manja ali m'mwamba. Kenako ndinatseka masamba onse a pa intaneti kupatula a sukulu. Yanga ya kholo ndinaikhwimitsa kuposa zonse, osailemba paliponse. Mlonda sasiya kiyi pachitseko.

Loweruka m'mawa abwana anaimba: fomu ya chiphaso changa cha ulonda ifike dzuwa lisanafike pamutu, apo ayi Lolemba ndisaoneke pageti. Kukhala pakompyuta, mutu mbee! Kuyesa koyamba, yakana. Kachitatu, yanditsekera kunja. Paja amati Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Ndinati ndilowere pa ya ana, koma Kade yatsopano yake anali ataiwala kale, mwana wa bambo ake. Kunatsala Tahlia.

"Mwana wanga wokongola, tandinong'oneza yako."

"Ayi adadi. Munati ngakhale inu."

"Ndinkanena masiku ena, osati lero."

"Akuba amateronso."

Abale, mwana womubereka ndekha! Nditalonjeza ayisikilimu, anavomera kuti alembe yekha, bola ine nditembenuke. Chibambo chandevu, chimimba uko, ndinaima kuyang'ana khoma ngati ndaba shuga.

Inatseguka. Ndikulemba adiresi ya fomu ija, panatulukira kanyama kojambula, kakumwetulira: "Tsamba ili si la ana. Itana munthu wamkulu."

"Munthu wamkulu ndine!" ndinakuwa, ndikuloza ndevu.

Ana anandiyang'ana, anayang'anana, kenako onse awiri liwiro kukhonde.

"Amami! Bwerani msanga, ikufuna munthu wamkulu!"

Narelle analowa, kapu ya tiyi kumanja. Anawerenga uthengawo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutulutsa foni yake. Mphindi ziwiri, fomu yapita.

Anangomwa tiyi wake n'kubwerera kukhonde. Inu, bola akanandinyoza.