Masekondi Ofanana kwa Ambulera ndi Wilibala

Lolemba
Chisankho cha khansala ku Zolozolo. Opikisana ndi awiri: wa chizindikiro cha ambulera ndi wa chizindikiro cha wilibala. Abwana kuwailesi andichenjeza: "Dandaulo limodzi loti ukukondera, uzikawerenga mauthenga a maliro." Ine, zaka zonsezi pa nkhani za ndale! Dongosolo langa:
- masekondi ofanana mbali zonse
- osamwetulira aliyense
- osavina pamsonkhano, ngakhale nyimbo ikome bwanji

Lachiwiri
Mvula. Ambulera sindingatenge, angati ndasankha mbali. Ndanyowa mpaka kabudula wamkati. Wa kabaza akuti, "Adada, ndiye kuti ndimwe wa Wilibala eti? Yewo chomene!"

Lachitatu
Wa Ambulera wayankhula masekondi makumi anayi. Wa Wilibala wangoti "tidzaona," basi. Kuti zifanane ndaulutsanso kutsokomola kwake, kasanu. Anthu ake alusa, akuti ndikufalitsa zoti munthu wawo akudwala.

Lachinayi
Ndapita kwa wa Ambulera kukamupempha kuti naye atsokomoleko. Wakana, akuti ali bwinobwino. Ndamutsokomolera ndekha pawailesi. Chifuwa ndili nacho kale, cha mvula ija.

Lachisanu
Kunyumba ku Chiputula nakonso kwavuta. Mayi a ana avala nsalu ya Ambulera, apongozi ya Wilibala. Sakuyankhulana, aliyense waphika zake. Ndadya mbale zonse ziwiri, zofanana ndendende. Mimba ili ndiii! Apongozi akuti ndanyambita zala pa mbale ya mwana wawo yokha.

Loweruka
Zodabwitsa! Mbali ziwirizi zakwera galimoto imodzi, koyamba chiyambire kampeni, kudzandinenera kwa abwana. A Ambulera akuti chifuwa chija si cha munthu wawo. A Wilibala akuti chifuwa chimene ndinapatsa wa Ambulera chimamveka chathanzi kuposa chawo. Ndafotokozera abwana kuti kudandaulidwa mbali zonse ndiwo umboni wa kusakondera. Akuti, "Ndinati limodzi. Awa ndi awiri."

Lamulungu
Zatha. Mawa ndiyamba za maliro. Zikundiwawa, ndisaname, ndalirako pang'ono kubafa. Ndikudzitonthoza kuti kumeneko kulibe ndale. Koma uthenga woyamba wafika kale: bambo wina wa ku Ching'ambo wamwalira, achibale akufuna ndinene kuti anali wa Ambulera weniweni. A Wilibala amva. Aimba foni kufunsa kuti wawo ndimulengeza liti. Ndawauza kuti kwawo sikunamwalire munthu. Akuti, "Kukonderako ndi kumeneko."