Pulasitiki ya Buledi ya Ba Stanislaus

Ba Stanislaus ankayamba kupatsa moni galimoto, mwini wake pambuyo. Aliyense wa kuno ku Kafue amene anakhalapo ndi galimoto, ngakhale yobwereka, akudziwa zimene ndikunena. M'thumba la malaya ankasungamo pulasitiki ya buledi yopinda kanayi. Galimoto ikangoima ankaitulutsa, n'kulowetsamo dzanja, n'kutsinzina, n'kuyamba kusisita boneti pang'onopang'ono ngati namwino amene akufunafuna mtsempha. Iwe mwini galimoto unkangotsala chilili, dzanja la moni lili m'malere.

Iwo ankati maso ndi abodza. Galimoto ikhoza kuwala mpaka kukuthobwa m'maso, koma zala zikavala pulasitiki zimamva zonse zimene zakakamira pa penti: fumbi la kunjanji, utomoni wa mitengo, timadontho ta phula la msewu wa ku Lusaka. Akatha kusisita ankanena liwu limodzi basi. Kawirikawiri linali lakuti "Ikalibe," ndiye kuti ntchito idakalipo. Linalo linali lakuti "Yasalala," ndipo anthu amene analimvapo ndi makutu awo sangadzaze minibasi imodzi.

Tsiku limene parishi yathu inkalandira wansembe watsopano, amayi a kwaya atafola mizere iwiri, Ba Stanislaus anadutsa pakati pawo n'kukafika pa galimoto abambo asanatsike n'komwe. Anasisita, nyimbo inazilala, ndipo anafunsa mokweza kuti ndani amatsuka galimoto ya Mulungu ndi sopo wochapira zovala. Abambo anavomera kuti ndi iwo eni. Anauzidwa kuti abwere nayo Lolemba, ndipo anabweradi.

Chitosi cha mbalame ankachiopa kuposa ngozi ya pamsewu. Ankati chikakhala padzuwa tsiku limodzi chimadya penti n'kusiya chipsera. Akachiona pa galimoto ya munthu aliyense ankanyowetsa kansanza, n'kufunditsa pamenepo kuti chifewe, n'kumapita. Ife a kuno tikapeza kansanza konyowa padenga la galimoto tinkadziwa kuti adutsa. Koma mlendo wina amene anabwera kudzagwira ntchito ku Boma atakapeza pa yake, anaimbira abusa ake, ndipo anapemphera mozungulira galimotoyo ola lathunthu asanalimbe mtima kukachotsa ndi kamtengo. Ba Stanislaus atamva anangofunsa ngati chitosicho chinachoka.

Iwo eni sanakhalepo ndi galimoto, ngakhale kuyendetsa sankadziwa. Ankayenda pa njinga yauve kuposa njinga zonse za mu Nangongwe, matope a dzinja lathalo ali pomwepo, ndipo ukawafunsa ankati njinga siimva kuwawa. Ntchito ankagwirira pa kashedi ka malata kuseri kwa msika, chakufupi ndi siteshoni ya sitima. Padzuwa sankatsuka, pansi pa mtengo sankalola kuimika, ndipo ndowa zinali ziwiri nthawi zonse, ina ya sopo, ina yotsukuluzira nsanza. Munthu akabwera ali pa changu ankamulozera njira ya kumtsinje.

Ine ndinali m'gulu la owaseka. Ndinakonza makina pa fakitale zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ndinkakhulupirira kuti chitsulo ndi chitsulo basi, ukachikhula chimawala. Ndine amene ndinawapatsa dzina loti dokotala wa maboneti, ndipo ndinkalinyadira kwambiri.

Kenako inafika sabata ya ukwati wa mwana wanga Tracy. Mlamu wanga Maybin, mchimwene wake wa mkazi wanga, anabweretsa galimoto yake yakuda kuchokera ku Lusaka Lachitatu kuti idzanyamule akwati. Galimoto imeneyo ankaikonda kuposa mmene ankatikondera ife tonse pamodzi. Anandisiyira makiyi, anati ndisaigwire, ndizingoiyang'ana, n'kukwera minibasi kubwerera kuntchito.

Lachinayi ndinayang'ana geti lathu ndipo ndinachita nalo manyazi. Ndinagula penti wobiriwira n'kuyamba kupaka. Mwezi unali wa Ogasiti, mphepo ili pa ntchito yake, galimoto ili mikono iwiri kuchokera pageti. Kuisuntha kukananditengera mphindi imodzi, koma ndinali nditauzidwa kuti ndisaigwire, ndipo ine ndine munthu womvera. Nditamaliza ndinatembenuka n'kupeza boneti ndi chitseko zili mawangamawanga ngati nkhanga.

Ndinayamba ndi chikhadabo. Kenako ndinalowa kukhitchini n'kutenga waya wotsukira mapoto. Madontho a pa boneti anachokadi, koma pamalo pake panatsala chigamba chotuwa chachikulu ngati mbale. Apa munthu wanzeru akanakhala pansi. Ine ndinakumbukira kuti ndili ndi gulainda, makina aja odulira ndi kupalira zitsulo, ndiponso kuti ndinaonapo pa foni anthu akuwalitsa magalimoto ndi chinthu chozungulira. Ndinathamangira kusitolo, ndinagula chiguduli chaubweya ndi chitini cha polishi, n'kumangirira chigudulicho pa gulainda. Ndinasindikiza ndi mphamvu zonse za zaka makumi awiri ndi ziwiri. Chimene chinandiimitsa ndi fungo la chinthu chopserera. Pamsana pa boneti panali bala lotuwa longa chikhatho, penti yense atachoka.

Mkazi wanga Thokozile anatuluka, anayang'ana boneti, anayang'ana gulainda, anayang'ana ine. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangondikumbutsa kuti mchimwene wake afika Loweruka m'mawa, n'kundifunsa ngati njira ya kuseri kwa msika ndikuidziwa kapena andiperekeze.

Ba Stanislaus anabwera masana omwewo, makina awo opolishira atamangirira pa njinga. Anazungulira galimoto yonse ali chitsinzinire. Atafika pa balalo dzanja linaima, ndipo anavula chipewa.

"Ba Eugene, iyi motoka inakulakwilani chani?"

Ndinafotokoza zonse, ndikuchepetsako pena ndi pena. Sanaseke. Anathira parafini pang'ono pa nsanza yofewa, anaikhazika pa madontho a pachitseko amene ndinali ndisanawafike, n'kudikira. Atapukuta, madontho anachoka onse ngati sanakhalepo, kenako anatsukapo ndi sopo. Ntchito imeneyo inatha madzi a tiyi asanawire. Chigamba cha waya chija chinawatengera maola atatu ndi makina awo, koma nacho chinazimiririka. Ndinayamba kupuma bwino, n'kuwalozera balalo.

"Apa mwapaya," anatero, kutanthauza kuti ndapha. "Polishi siibweza penti, imachosa chabe. Penti ikasila, yasila." Ndiye kuti akatha, watha basi.

Amene anandipulumutsa Loweruka ndi akazi awo, Ba Rhoda, omwe ankakongoletsa magalimoto a maukwati. Anamanga duwa la maliboni lalikulu ngati beseni n'kulikhazika chakumbali, pamwamba penipeni pa balalo. Anthu kutchalitchi anayamikira kuti ndi sitayilo yatsopano ya ku Lusaka, ndipo maukwati awiri otsatira anatengera. Maybin anadziwa Lamulungu pochotsa maliboni. Nayenso sanakalipe, ndi mtundu wawo umenewo. Anaitana abale onse kuti adzaone, anajambula chithunzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina langa ndi Ba Gulainda.

Dzinalo linandiwawa, ndisaname. Munthu wa zaka makumi asanu, amene ankaphunzitsa ena makina, kusanduka nkhani yosekera pa ukwati ndi pa maliro pomwe. Ndinaona kuti njira yolifufutira inali imodzi yokha: Ba Stanislaus asisite ntchito ya manja anga, anene kuti yasalala, Kafue yense amve. Lolemba ndinapita kushedi ndi zitumbuwa m'manja, n'kupempha kuti andiphunzitse.

Anandipatsa boneti yofiira ya galimoto imene inagubuduzika ku Shimabala kalekale, n'kuigoneka pa migolo iwiri. Galimoto yeniyeni anati ndidzaigwira tsiku limene bonetiyo idzasalale. Makina awo ankazungulira mwaulesi, moti poyamba ndinkaganiza kuti ndi owonongeka ndipo ndinadzipereka kuti ndiwakonze. Anandiphunzitsa kukoleka chingwe paphewa kuti chisakhule penti, kugoneka siponji yonse osaipendeketsa, kumata tepi m'mphepete momwe penti amakhala wopyapyala, ndi kusaima pamalo amodzi. Polishi ankandilola madontho anayi okha, ang'ono ngati nandolo. Ndikayamba kusindikiza ankandikwapula pachigongono ndi nsanza yonyowa, kuti ndisiye makina agwire okha ntchito.

"Lekani makina yasebenze. Imwe muyapelekeza chabe."

Ndikamaliza ankavala pulasitiki, kutsinzina, kusisita, kenako tinkanyamulira bonetiyo padzuwa kuti aone ngati patsala timizere tozungulira. Liwu linali lomwe lija, ikalibe. M'mawa mwake ndinkapeza ataikanda mwadala ndi nsanza yamchenga kuti ndiyambirenso. Penti akatha ankaitumiza kwa mnzawo wopopera, n'kubwerako yofiira ngati kale. Zinayenda choncho zaka ziwiri ndi theka.

Pakati pa ntchito tinkamwa tiyi wa m'fulasiki, iwo atakhala pa mgolo wawo wabuluu. Ankandisimbira za magalimoto onse a Kafue ndi matenda awo, za masiku amene fakitale ya nsalu inkalira usana wonse, za bambo awo amene anabwera wapansi kuchokera ku Dedza. Ine ndinkamvetsera ndi khutu limodzi, diso lili pa boneti.

Tsiku lina ndinachita chinyengo. Iwo atapita kukagula shuga ndinapaka mafuta ophikira pang'ono pa boneti, ndipo inawala ngati galasi. Atabwera sanatulutse n'komwe pulasitiki. Ananunkhiza kamodzi, n'kundifunsa ngati mazira ndabwera nawo kapena akagule okha.

Ndinapsa mtima, manyazi ali pomwepo, ndipo ndinakhala milungu itatu osapita. Mlungu wachinayi ndinamva belu la njinga pakhomo. Sanalowe. Anangoti boneti ikuchita fumbi, ndiponso tiyi akumawatsalira m'fulasiki. Anasisita geti langa lobiriwira lija, anati ikalibe, n'kupalasa kumapita. M'mawa mwake ndinali kushedi.

Anadwala m'dzinja lapitali, masiku asanu ndi anayi okha. Nditapita kukawaona kuchipatala ndinawapeza akusisita kabati yachitsulo ya pambali pa bedi, opanda pulasitiki. Ndinkafuna kuwafunsa za boneti, koma ndinaona kuti ndi funso la munthu wopanda ulemu, ndiye tinakamba za mvula. Anamwalira Lachiwiri.

Galimoto yonyamula bokosi inali ya wansembe uja, ndipo ndinapempha kuti andisiyire tsiku lathunthu kuti ndiiwalitse. Inali galimoto yeniyeni yoyamba kuigwira chigwirireni ya Maybin. Ndinamata tepi, chingwe paphewa, madontho anayi. Kumanda anthu anati inawala bwino. Koma anthu ake anali omwe aja anayamikira duwa la chakumbali, ndiye sizinandithandize.

Patapita mwezi Ba Rhoda anandiitana. Anandipatsa makiyi a shedi, makina, ndi pulasitiki yopinda kanayi imene anaipeza m'malaya. Ndinati sindingalandire, pakuti mwini wake anapita asanandivomereze.

"Ba Eugene, ija boneti inasalala kudala," anatero. "Pa Isitala ya chaka chatha banabwela kunyumba bati, uja Gulainda waziba manje. Ninabafunsa kuti nanga simumuuza bwanji? Bati, nikamuuza azayamba kugwila mamotoka ya bantu, azaleka kubwela. Tiyi nizamwa na ndani?"

Ndiye kuti miyezi khumi yathunthu ndinkakhula boneti yosalala kale, nkhalamba ija ikuikanda m'mawa uliwonse. Ndinafuna kukwiya, ndinayesadi, koma Ba Rhoda anandipatsa kansalu ndipo ndinazindikira kuti ndikulira. Mwa nkhani zonse zimene anandisimbira pa mgolo paja ndikukumbuka theka lokha, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa dzina.

Dzinalo silinachoke. Ngakhale pa chikwangwani cha shedi ndinalemba lomwelo, chifukwa ndi limene anthu amafunsa akamandifuna. Maybin sanabweretsebe galimoto yake, ndipo sindimuimba mlandu. Magalimoto a Kafue akuwala ndithu, amawathira thovu padzuwa m'mbali mwa msewu ndi ndowa imodzi. Amafika, amaima, amanyamuka, popanda wowapatsa moni, ndipo zitosi zimaumira padenga mpaka mvula idzagwe.

Sabata yatha galimoto yoyera yachilendo inaima chapafupi ndi shedi. Sindikudziwa kuti ndinadzuka nthawi yanji. Ndinangopeza dzanja lili m'pulasitiki, maso otsinzina, mwini wake akufunsa kuti mdala muchita chani. Pansi pa zala panali fumbi la kunjanji, lambiri ndithu. Ndinati ikalibe, n'kutembenuka kuti ndione ngati Ba Stanislaus avomereza. Pa mgolo wabuluu panali fulasiki yokha, tiyi atatsala theka.