Kuthokoza Maminibasi Amene Amandidutsa pa Nsungwi

Kwa a Wapampando,
Bungwe la Eni Maminibasi la Tithamange,
Nthambi ya Area 25.

Wolemekezeka Bwana,

Landirani moni wa munthu wamng'ono. Dzina langa ndine Greenwell Kanyumbu, bambo uja wa pa chikuku amene madalaivala anu amamudutsa m'mawa uliwonse pa siteji ya Nsungwi. Miyendo inafa ndi poliyo ndili mwana, koma manja ndi abwino: ndimakonza mawailesi ndi mafoni pa shopu ina ku Malangalanga. Mkazi wanga Maness anatisiya mwezi wa Meyi. Ndi iyeyo amene ankaima mumsewu manja ali m'chiuno mpaka minibasi iime, n'kupinda chikuku, n'kumakangana ndi kondakitala ine nditakhala kale. Chichokereni iye ndaona ndekha ubwino wa bungwe lanu, ndipo mtima sukundilola kukhala chete.

Choyamba, ndikuthokoza ulemu. Dalaivala akandiona amachepetsa liwiro n'kuliza hutala, kondakitala amatulutsa mutu pawindo n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku matayala, kenako amapita. Ulemu wotere amalandira ndi akuluakulu pa perete. Masiku ena ndimawabayibitsa. Ndayamba kuvala tayi.

Chachiwiri, mwanditchukitsa. Dzuwa lonse la m'mawa la Area 25 limathera pa ine, fumbi nalonso, zonsezi ulere. Amayi ogulitsa mandasi anatopa kundifunsa ngati ndikudikira munthu, tsopano amandisiyira beseni akafuna kuchokapo. Ana a sukulu amapangana kuti tikumane pa bambo aja.

Chachitatu, ndipo apa ndikulemba ndikuseka ndekha, mwakweza chikuku changa pa udindo. Tsiku limene minibasi yaima, chikukucho chimalipira ngati munthu wamkulu. Thumba la makala amakambirana mtengo, nkhuku zimakwera ulere, koma chikuku changa ayi, ndi bwana. Chikalipira amachimangirira kumbuyo ndi chingwe pamodzi ndi ndowa ya usipa. Ndikuganiza zochidulira chiphaso cha unzika, mwina chidzaime nawo pa ukhansala.

Chachinayi ndi chaching'ono. Abwana anga andiitanapo kale. Ndi munthu wabwino, koma akuti makasitomala sadikira minibasi, ndipo ndikachedwanso mwezi uno benchi langa apereka kwa wina. Achemwali anga a Elube amva kale. Akonza chipinda kwathu ku Dedza, ndipo akuti kumeneko sindidzasowa kanthu: azidzanditulutsa pakhonde m'mawa n'kundilowetsa madzulo ngati chimanga choyanika. Ine ndimadziphikira, ndimadzichapira, lendi ndimalipira ndekha. Nyumba ino ndi imene tinkakhalamo ndi Maness, ndipo chilichonse anachiika pamene dzanja langa limafika. Sindikufuna kuchokamo.

Anthu ena oipa mtima amati lamulo limaletsa kusala munthu waulumali. Ndimawayankha kuti anyamata anu sasala, amangokhala ndi changu. Ena amati minibasi ilibe malo. Apa pokha, Bwana, ndikuikirani kumbuyo, chifukwa ndine mboni. Tsiku la maliro a Maness tinachita hayala minibasi ya bungwe lanu. Inafika nthawi isanakwane, n'kubwerera chambuyo mpaka pakhonde panga. Anyamata anu anamasula mipando yakumbuyo mosavuta, bokosi linalowa bwinobwino, ine anandinyamula mwaulemu, chikuku anachipinda osachilipiritsa. Kondakitala anavula chipewa.

Ndiye kuti luso lilipo, malo alipo, ngakhale mabuleki alipo.

Pempho langa, ngati simungandione wamwano, ndi ili. Mwa maminibasi anu onse, imodzi yokha, ngakhale ija yotseka chitseko ndi waya, iziima pa Nsungwi m'mawa n'kundichitira zimene munachitira mkazi wanga. Mipando musavutike kumasula, ine ndimakhala tsonga. Koma ngati malamulo a bungwe amalola chifundo chotere kwa ogona m'bokosi okha, mundidziwitse, ndikawauze abwana anga kuti apirire pang'ono, lilipo tsiku limene ndidzanyamuke pa nthawi yake.

Ine wanu wodikira pa siteji,

Greenwell Kanyumbu
Nsungwi, Area 25